Tsitsi la Akufa a ku Eldersham

Gladys, mwana wa mchimwene wanga, anatulukira pakhomo Lolemba masana, nthawi yoti akanakhala ali kuntchito. Sanavule jekete. Anangodziponya pampando, chikwama pamiyendo, maso ali gwa kukhoma.

"Azakhali, andipanga suspend."

"Akupanga chiyani? Lankhula za anthu, iwe. Ine sukulu ndinalekera sitandade 3, nayonso aphunzitsi anachita kundipempha kuti ndikapume."

"Andiimitsa ntchito. Akuti ndaba."

"Waba chiyani?"

"Tsitsi."

Ndinaseka mpaka tiyi anatulukira m'mphuno. "Tsitsi? Nanga walibisa kuti, poti kumutuko kudakali wigi yomwe ija yonga chisa cha atimba?"

"La anthu akufa, azakhali."

Kuseka kunandithera pakhosi.

Ine ndine Esnat, Nambewe wa ku Mponela. Chaka chimenecho, 2004, ndinali ku Edmonton, mu London, kwa miyezi isanu ndi umodzi, kudzaona dziko ndi kudzamusowetsa mtendere Gladys. Iye ankasamalira okalamba m'chinyumba chakale kumudzi wina wotchedwa Eldersham. Pamwamba pankagona okalambawo. Pansi panali holo yosungiramo zinthu za makolo a mwini nyumba, zoti alendo azidzaona. M'holomo munali nkhata ya maluwa olukidwa ndi tsitsi la anthu a banjalo amene anamwalira. Lolemba m'mawa nkhata ija inapezeka palibe.

"Ma key a holo alipo awiri basi," anatero Gladys. "Imodzi ya a Harrison a komiti ya mbiri ya mudzi, ina imakhala ndi senior wa pa shift. Sunday senior ndinali ine."

"Ndi zokhazo?"

Anazyolika. "Tsiku lina ndinawauza a Harrison kuti kwathu chinthu chotere timakwirira. Ndinkangocheza."

"Pakamwa pa bambo ako penipeni."

Apolisi anali oti abwera Lachisanu m'mawa. Pemiti ya Gladys yokhalira m'dzikomo inali yomangidwa ku ntchito imeneyo ngati mbuzi pachikhomo. Dzina lake likanangolowa m'buku la akuba, ntchito yatha, pemiti yatha, palibenso womulemba kwina. Akanabwerera ku Mponela ndi jekete yokhayo.

Lachiwiri analira. Lachitatu analiranso. Lachinayi ndinamusolola bulangeti.

"Dzuka. Ndikufuna ndikawaone akufa ako ometedwawo."

* * *

Tinakwera basi mpaka nyumba zinatha. Kunayamba mipanda, mahatchi ovala mabulangeti, ndi nkhungu yoti ukatambasula mkono zala zako zimakhala za munthu wina. Eldersham ndi kamudzi kotsala. London wakazungulira mbali zonse monga madzi osefukira amazungulira chulu, koma iko kali phee: dziwe lakuda, tchalitchi cha miyala, nyumba khumi ndi ziwiri, ndi chinyumba chija pamtunda. Mawindo ake ena anatsekedwa ndi njerwa, moti chimaoneka ngati chikukuyang'ana ndi maso ochepa.

A Harrison tinawapeza m'holo akupukuta fumbi loti kulibe. Bambo wamtali, woonda, tsitsi lake lowerengeka analigoneka kuchokera kukhutu ili kukafika kukhutu ilo. Ataona Gladys nkhope inafiira.

"Auze," ndinatero, "kuti ndine nkhalamba yosaphunzira, ndabwera kudzamva mbiri. Uwauzenso kuti mutu wawo ukundikumbutsa munda wa chaka cha njala."

Gladys anamasulira theka loyamba lokha. Chingerezi changa ndi mawu anayi, thenkyu, sole, hamachi ndi toyileti, koma ndimadziwa munthu akandidula mawu.

Mbiri ndiye inali nyambo yake. Bamboyo anaiwala mkwiyo, nayamba kulakatula, Gladys akunditolera m'mbuyo. Akuti tchalitchi chinamangidwa zaka mazana asanu ndi atatu zapitazo. Akuti nyumbayo anaimanga a Wrenfield, anthu olemera ndi ubweya wa nkhosa, ndipo mudzi wonse unkawalimira. Akuti nkhondo ziwiri zinadya ana aamuna onse, mwatsala mayi mmodzi, a Miss Wrenfield, a zaka 93, amene anapereka nyumba kwa anthu a m'mudzimo pa pangano loti iwo adzafere m'chipinda chawo chomwe anabadwiramo.

Ine makutu anali kwa iye, maso ali kwina. M'makoma munali zithunzi zopenta za azibambo a ndevu ndi azimayi a makosi aatali, onse akundiyang'ana ngati ndawapondera mbewu. Munkanunkha sera ndi chinyezi. Pakati pa khoma panali fulemu yagolide, galasi lili bwinobwino, m'kati muli mbee.

"Wakuba wanji uyu," ndinamunong'oneza Gladys, "wosiya golide n'kutenga tsitsi?"

Pansi pa fulemuyo panali kasosala. M'menemo munali timisomali tinayi totsekera kumbuyo kwa fulemu, atatindanditsa bwino, mitu mbali imodzi. Masupuni asiliva anali pambali pomwepo, onse alipo.

"Afunse ngati pasowanso china."

A Harrison anakwinya mphuno. "Kapu ya chitini ya m'khitchini yakale. Yachabechabe. Antchito ankamwera."

"Kapu yokha?"

"Yokha."

Kenako a Harrison anatulutsa kabuku, natiwonetsa chithunzi cha nkhata ija. Abale anga, ndaona zinthu, koma izi ayi. Maluwa okongola ndithu, ena akuda, ena ofiirira, ena oyera, timasamba topindika bwino pa tiwaya. Duwa lililonse munthu. A Harrison ankaloza ndi chala chachitali: awa agogo ake, ili ndi khanda la miyezi itatu, uyu anamira m'dziwe lija, awa ndi amayi ake a Miss Wrenfield. Kuyambira 1851, aliyense akatsirizika ankamumeta kachigamba asanamuike m'bokosi.

Nkhatayo sinali yotseka. Pamwamba panali mpata wokwana duwa limodzi.

"Apa anaiwala?"

Gladys anafunsa, namasulira yankho. "Akuti apo ndi pa Miss Wrenfield. Akadzapita, komiti idzamalizitsa nkhata."

"Eni akewo akudziwa kuti akuwadikira?"

"Akuti ndi ulemu waukulu."

A Harrison anatseka kabuku kuti pha! "Mawa 9 koloko," anatero, akuyang'ana Gladys.

* * *

Kuseri kwa nyumba tinapeza Killian, wosamalira maluwa, bambo wa ku Lusaka wamimba yake. Anali m'kashedi akumwa tiyi wa m'fulasiki.

"Ah, ba aunty! Ndimwe ba CID manje?" anaseka. "Ine musanione so. Sunday nenze ku church ku Tottenham, nenze kulizya ma drums kuchoka ten mpaka five. Bantu two hundred bananiona. Na ba pastor bananikalipila ati nilizya maningi."

"Sindinakufunse, mwana wanga. Wothamangira kukana ndi amene amanunkha."

"Awe sure! Ine vamene vinanibaba ni vinangu."

"Ziti?"

Analoza fosholo yopachika pakhoma. Inali yoyera ngati supuni.

"Ine ten years pano sininasukepo fosholo. Ya chani? Mailo izangena futi mu doti. Manje Monday nabwela, napeza muntu anaisuka, anaipukuta, anaikoloweka mutu pansi. Elo paja pa chitseko cha kitchen napeza beseni na manzi, muli na mayani. Nenze pafupi kugwa nayo."

"Masamba anji?"

"Aja ba chef baika ku nyama ya nkhosa. Anachosa mu garden yanga."

"Beseni linali m'kati kapena kunja?"

"Panja. Pa step."

Gladys anandiyang'ana. Ndinaona kuti nayenso chamufika. Beseni la madzi a masamba, pakhomo, kunja. Aliyense amene anaperekezapo maliro kwathu amalidziwa beseni limenelo: ndi losambamo m'manja pochokera kumanda, usanalowe m'nyumba ya anthu amoyo. Killian, mwana wa m'tauni, anangolikhuthula osaganiza kanthu.

"Chinanso?"

"Lawn yanga! Muntu anapitisa wheelchair pa kapinga konyowa. Onani mweka, mizele ibili monga njanji."

Tinaitsata mizereyo. Inadutsa pakapinga, inatsika kumunsi, inalowa pakageti kachitsulo ka kumanda a tchalitchi. Nkhungu kumeneko inali yokhuthala ngati phala. Miyala ya pamanda inali yopendekeka, ina itagwa chafufumimba, maina atadyeka ndi ndere. Kunalibe mbalame, kunalibe mphepo, ngakhale phokoso la galimoto za mu London silinkafika. Tinkangomva madontho akugwa kuchokera mu chimtengo chakuda chonga mkungudza, chobowoka pakati moti anthu atatu angabisalemo.

Mizere inathera pansi pa mtengowo, pafupi ndi mwala wolembedwa Wrenfield. Pambali pake panali kamtumbira kakang'ono, kotalika ngati mkono wanga, dothi lake latsopano, losalazidwa ndi manja. Zala zinkaonekabe.

Pamwamba pake, chovundikira, panali kapu ya chitini. Ndinawerama osaigwira. Kutako kwake anaiboola ndi msomali.

"Azakhali," Gladys anandigwira mkono, "tiyeni tizipita."

"Taona kaye. Mzungu sabowola kapu pamanda. Izi ndi za kwathu: chiwiya cha malemu, chobowola kuti amoyo asachitolenso. Tsitsi lija silinabedwe, mwana wanga. Laikidwa maliro."

"Ndiye zandithera! Apolisi akaona izi anena kuti ndi ine. Mmalawi ndilipo ndekha."

"Ndani anakuuza kuti mwambo umathera pa Mchinji? Sunday ndani anatulutsa chikuku?"

Gladys anaganiza, kenako pakamwa panatseguka. "Towela. Mnzanga wa pantchito, wa ku Chipata. Anawatenga a Miss Wrenfield kukawapititsa mphepo, two mpaka four. Koma manager anamufunsa kale. Akuti anali limodzi nthawi yonse."

"Ndikukhulupirira. Anali limodzi ndithu."

* * *

Gladys sankaloledwa kukwera pamwamba. Ine ndinamanga bwino duku, ndinakumbatira Baibulo langa lomwe ndimaliwerenga ndi mtima kusiyana ndi maso, ndinakamwetulira mtsikana wa pa desiki. "Church," ndinatero, mawu achisanu amene ndinawatola m'mawa womwewo kwa Killian. Nkhalamba yonyamula Baibulo ilibe chitseko chotseka.

Chipinda cha a Miss Wrenfield chinali kumapeto kwa khonde lalitali, lamatabwa olira. M'kati munali motentha ngati m'uvuni. Mayiyo anali pachikuku pafupi ndi windo, kamunthu kochepa ngati mwana wa sitandade 2, khungu lopyapyala loonetsa misempha. M'kutentha konseko anavala chipewa choluka chofika m'makutu. Maso okha ndiwo anali amoyo, obiriwira, akuthwa.

Towela ankawadyetsa supu. Mtsikana wamtali, wakhungu losalala, duku atalimanga mpaka pazikope.

"Odi kuno. Ndine azakhali ake a Gladys."

Supuni inagunda mbale. "Ah, ba aunty. Fikani. Sorry maningi pa vamene vinachitika."

"Zikomo, mama. Ndamva kuti Sunday munakapitidwa mphepo."

"Ee, mu garden chabe."

"M'nkhungu ngati iyi? Ndi gogo wa zaka 93? Muli ndi mtima. Munafika kutali?"

"Pa pond chabe, na kubwela."

Ndinasuzumira mawilo a chikuku. Anali otsukidwa, koma m'mphako za matayala munatsalira timasamba tosongoka ta mtengo wakumanda uja. Kudziwe kulibe mtengo wotero.

"Gladys amati uli ndi tsitsi labwino zedi, lofika m'mapewa," ndinatero. "Bwanji walibisa?"

"Mpepo chabe, aunty."

"Oho." Ndinayandikira, kenako ndinatulutsa maso ndi kukuwa. "Mayo! Kangaude! Chikangaude pa duku, chikulowa kukhutu!"

Mtsikana anadumpha, supu uko, duku analisolola n'kuliponya pansi. Mutu unali mpala, wometedwa kumene, kachilonda ka lumo kali pamwamba pa khutu.

Kenako ndinamva kaphokoso ngati kachitseko kosowa mafuta. Anali a Miss Wrenfield, akuseka.

"Wamwalira ndani, Towela?" ndinafunsa motsitsa mawu. "Wameta maliro a ndani?"

Anakhala pabedi, manja kunkhope. Mawu anayamba kutuluka modukaduka.

"Aunty, miyezi itatu aba bamama sibagona bwino. Daily baniuza ati, 'Baniitana pansi paja. Bali pa chipupa, bazizidwa, sibangagone.' Ati bamvela bamai babo bakosomola mu holo. Ba nurse bangobapasa ma tablet. Tsiku lina nenze kubapesa, banigwila kwanja ati, 'Towela, kwanu mumachita bwanji na sisi ya bakufa?' Nabauza ati ife timameta, sisi timaika pansi, malilo yasila, muntu ayenda. Elo bakamba ati, 'Nitandize.'"

"Kiyi?"

"Inali mu thumba ya cardigan ya Gladys mu staff room. Eve enze kusambika ba Mr Newton, mudala wina wa muno. Ten minutes chabe, nabweza."

"Ndipo iwe n'kumeta."

"Balibe muntu, aunty. Mutundu onse unasila. Malilo yangasile bwanji kopanda wometa? Nati lekani nibametele ine."

Kunena zoona, m'maso munandiyabwa. Koma ndinakumbukira mwana wa mchimwene wanga ataima panja pankhungu.

"Wachita za umunthu kwa akufa," ndinatero, "koma wamoyo wamusiya m'dzenje. Masiku anayi Gladys sakudya. Mawa apolisi amutenga. Iwe uli phee, ukudyetsa supu."

"Nenze kuyopa! Ine nili pa student visa, aunty. Bakanigwila bazanibweza same week."

"Ndiye abwezedwe Gladys?"

Misozi yokha.

"Tamvera. Ine sindichoka pano ndi nkhaniyi m'mimba. Ukanena wekha, kapena ndikanena ine ndi Chingerezi changa cha toyileti. Sankha."

A Miss Wrenfield anagogoda chikuku ndi mphete. Anafunsa kanthu, Towela anawayankha nthawi yaitali, akusisima. Ndinamva dzina la Gladys kawiri, ndi liwu loti polisi. Nkhope ya mayiyo inasintha. Ndinazindikira kuti palibe anawauzapo kuti pali munthu akuvutikira nkhaniyi. Analankhula mawu ochepa, owuma.

"Akuti bwanji?"

Towela anapukuta mphuno. "Ati, 'Itanani Harrison. Munipeleke ku mutengo.'"

* * *

Inali cha m'ma 3 koloko koma kunja kunali kutayamba kale kuchita mdima. Tinasonkhana pansi pa mtengo uja: ine, Gladys, Towela akukankha chikuku, Killian ndi fosholo yake, ndi a Harrison, amene anafika akupuma mofulumira, malaya osamanga mabatani.

Towela anaulula zonse, mutu uli pansi. A Harrison anamvetsera. Ataona kapu yobowola anatseka maso ngati wina wawaponda chala. Gladys anaima pambali panga, akundimasulira m'khutu.

"Zaka zana limodzi ndi makumi asanu," anatero bamboyo. "M'dziko muno zotere zatsala zowerengeka. Ndipo mwaikwirira m'matope! Miss Wrenfield, pepani, koma nkhata ija si yanunso. Munasainira. Ndi ya mudzi. Ndipo mawu anu, pa msinkhu wanuwu, apolisi sangawatenge. Atsikana awiriwa akayankha: wina anatenga, wina anataya kiyi. Killian, kumba."

Killian anabwerera m'mbuyo. "Awe, boss. Ine nimabyala, sinifukula."

"Bweretsa kuno."

A Harrison anailanda fosholo, anakankha kapu ndi nsapato. Inagubuduka n'kukagunda mwala, kulira kwake kunamveka manda onse. Gladys anandifinya mkono mpaka kuwawa. Mpeni wa fosholo unalowa kamodzi. Kawiri. Kachitatu kunaonekera nsonga ya nsalu yoyera ya pilo.

"Harrison."

Mawu a Miss Wrenfield sanali okweza, koma fosholo inaima m'malere.

"Poti wayamba kale, kumba motalikitsa ndi mozamitsa. Malo waimapowo ndi anga. Bambo anga anandisungira pambali pa amayi. Ukhala wawachepetsera ntchito anyamata."

Bamboyo anayang'ana pansi pa mapazi ake, nasuntha pang'ono.

"Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri," anapitiriza mayiyo, "pamene anandinyamula kuti ndione akumeta amayi anga. Ndinamva kulira kwa sizasi. Kuyambira tsiku limenelo ndimadya, ndimagona, pansi panga pali mpata wondidikira. Iwenso, Harrison, m'mawa uliwonse umafunsa anamwino kuti ndagona bwanji. Ukuyesa sindidziwa chimene chimakhala m'thumba lako la pamtimalo?"

Dzanja la a Harrison linapita lokha pathumbapo. Anazindikira mochedwa, nalibweza. Koma tonse tinaona timakutu tiwiri ta kasizasi kasiliva titasuzumira.

"Ndi mwambo wa banja lanu," anatero, mawu atachepa. "Ndimangofuna kuti usathe."

"Banja ndine. Watha."

Kenako anakweza timanja tawo, anagwira chipewa choluka chija, nachivula.

Mutu unali mbee, wosalala ngati dzira, wopanda ndi kamodzi komwe. Nkhungu inayamba kuundana timadontho pamenepo.

"Langa lili momwemo," anatero, akuloza nsalu ya pilo. "Lonse. Towela anameta, ine ndinamasula maluwa aja limodzilimodzi ndi zala zangazi, tinasakaniza. Fukula. Ukakhale pansi usankhe kuti la amayi ndi liti, la khanda ndi liti, langa ndi liti. Ukamaliza ukawauze apolisi kuti mayi wina anaba tsitsi la amayi ake."

Palibe anatsokomola. Madontho okha, tho, tho, tho.

Ine zachete zimandidwalitsa. Ndinamugwira Gladys m'nthiti. "Auze kuti kwathu wofukula maliro amatseka dzenje ndi tsitsi lake. Ndiye kwa iwowa sindikuona kuti likwanira."

"Azakhali, kulibe mwambo umenewo!"

"Ulipo. Wayamba lero. Masulira."

Ulendo uno anamasulira zonse. Killian anatembenukira kumtengo, mapewa akugwedezeka. A Harrison anagwira pamutu pawo, anandiyang'ana, anayang'ana a Miss Wrenfield, anayang'ana kansalu koyera kali m'dothi. Kenako anaigoneka fosholo pansi pang'onopang'ono, ngati ili ndi tulo.

Anatulutsa foni. Gladys anasiya kumasulira, anangoti kakasi kumvetsera, mpaka ndinachita kumutsina.

"Akulankhula ndi manager," ananong'ona. "Akuti palibe chabedwa. Akuti mwini wake anachotsa yekha. Akuti awauze apolisi asabwere." Anandigwira dzanja. "Akuti ndiyambe mawa, early shift."

Gladys anakhala pamwala wa munthu wina wake wa 1790. Sindinamuletse. Mwini mwalawo anali ataona zambiri tsiku limenelo.

"Ndipo wokhudza Towela," anawonjezera a Miss Wrenfield, "ndikafika uko kwa akufa ndidzayamba ndi iyeyo."

A Harrison anagwada pamatope ndi buluku lawo labwino. Anafunsa kanthu motsitsa.

"Akuti atseke bwanji?" anamasulira Gladys.

"Ndi manja. Aliyense kadothi kake."

Anayamba iwo. Kenako Killian, Towela, Gladys. A Miss Wrenfield tinawaikira dothi m'dzanja, analiwaza okha. Ine ndinali womaliza. Nditawerama, dothi lili m'manja, ndinamva mayi uja akufunsa kanthu ndi mawu okoma ngati akufunsa shuga.

"Six," anayankha Gladys.

Mayiyo analankhulanso. Gladys sanamasulire.

"Akuti chiyani?"

"Palibe, azakhali."

"Iwe, ndakulera ndine. Akuti chiyani?"

"Anafunsa kuti tilipo angati. Ndati six." Anatsitsa mawu. "Ndiye akuti, nanga mayi wa diresi lakuda amene waima kumbuyo kwa azakhali akoyo, akudikira kuponya dothi, wabwera ndi ndani?"

Ndinawayang'ana a Miss Wrenfield. M'kamwa munali ngati mukubisala kaseko, ndipo ine wanthabwala mnzanga ndimamudziwa. Koma maso awo sanali pa ine. Anali pamwamba pang'ono pa phewa langa lamanzere, ndipo ankatsata chinachake chimene chinkasuntha.

Ndinaponya dothi langa. Ndinasendera kumanja, ndinasiya malo okwana munthu mmodzi.

"Tiye, Gladys," ndinatero. "Uli ndi ntchito mawa."

Mpaka kukafika pa basi sindinacheuke. Ndine wanthabwala, inde, koma si chitsiru.